Oyilo Akamadontha pa Injini ya Njinga Yamoto

Injini ya njinga yamoto ya kabaza imalowa oyilo pafupifupi lita imodzi basi. Njinga zambiri zimene zili m'misewu ya m'Malawi muno, kaya ndi Lifan, kaya ndi Lifo, kaya ndi Boxer ya kampani ya Bajaj ya ku India, zili ndi injini ya silinda imodzi yozizira ndi mphepo. Zambiri mwa zochokera ku China zinatengera kapangidwe ka Honda CG125, njinga imene inatuluka mu 1975, ndipo anaipangira dala maiko amene misewu yake ndi yafumbi komanso njinga zimasenza katundu wolemera. Injini zamtunduwu zimapirira nkhanza zambiri, koma kusowa oyilo kokha sizipirira.

Lita imodziyo ili ndi ntchito yaikulu. Pa galimoto, injini ili ndi oyilo wake, giyabokosi ilinso ndi wake. Pa njinga yamoto oyilo ndi mmodzi yemweyo: amafewetsa pisitoni ndi mavalavu, amafewetsa magiya, ndipo kilatchi imasambira momwemo. Ndi yemweyonso amene amanyamula kutentha kuchokera pamwamba pa injini kupita nako pansi, poti madzi oziziritsira mulibe. Mwezi wa Okutobala ku Chikwawa kapena ku Nsanje, njinga itasenza anthu awiri ndi thumba la chimanga, ntchito imeneyi imakula kwambiri.

N'chifukwa chake kadontho kamene kamaoneka kachabe kamawononga. Kungoyerekeza kuti madontho 25 amakwana mililita imodzi, injini imene ikutaya dontho limodzi pa mphindi iliyonse, n'kumayenda maola 8 pa tsiku, imataya pafupifupi mamililita 20 tsiku limodzi. Pakatha masiku 26 ogwira ntchito, theka la lita lapita. Pamenepo injini ikuyenda ndi theka la oyilo wake, ndipo mwini wake sadziwa kanthu mpaka tsiku limene mavalavu ayamba kuchita phokoso, kapena pisitoni yagwira pakati pa ulendo. Pali ngozi inanso yapafupi kuposa imeneyi. Oyilo wochokera pa injini amauluzikira kumbuyo, ndipo akafika pa tayala lakumbuyo njinga imaterereka pokhota ngakhale pa tala pouma.

Makaniko asanagwire sipanala amayamba watsimikiza ngati oyilo akutayikadi kunja. Injini ikhoza kumachepetsa oyilo popanda dontho ndi limodzi lomwe pansi. Malingi a pisitoni akatha, kapena timphira ta pa mavalavu tikauma, oyilo amalowa m'silinda n'kumapsera limodzi ndi petulo. Chizindikiro chake ndi utsi wabuluu ku ekizozi ndi pulagi yakuda yonyowa mafuta. Vuto limenelo ndi la m'kati, ndipo kusintha magasiketi akunja sikungalithetse.

Si chamafuta chilichonse chopezeka pansi pa njinga chimene chimachokera mu injini. Oyilo wopaka pa tcheni amathothoka n'kudzaza kuseri kwa chivundikiro cha sipuloketi yakutsogolo, kenako injini ikatentha amasungunuka n'kumadontha, ndipo amakhala wakuda bii, wothithikana ndi fumbi. Mashoko akutsogolo nawonso ali ndi oyilo wawo, ndipo akayamba kuchucha mphepo imamukankhira pa injini. Petulo amadziwika ndi fungo, komanso amauma msanga. Njira yachidule ndi kuyala katoni yoyera pansi pa njinga usiku. M'mawa katoniyo imaonetsa ngati chadontha ndi oyilo wa mu injini, kuchuluka kwake, ndi mbali imene akugwera.

Mbali imene akugwerayo si pamene akutulukira. Apa ndi pamene anthu ambiri amatayira ndalama. Oyilo amatsetsereka kutsikira pansi, ndipo njinga ikamathamanga mphepo imamukokera kumbuyo. Akhoza kutuluka pamwamba penipeni pa injini, kuyenda m'mipata ya zipsepse za silinda, kuzungulira kumbuyo, n'kukadonthera pa bawuti yotulutsira oyilo pansi. Woona msanga amati bawutiyo ndiye yavuta, amaimanga mwamphamvu mpaka kuthetsa mazinga, pamene vuto lenileni linali kamphira kotsika mtengo ka pamwamba pa injini. Pofufuza, malo ofunika ndi amene anyowa chakumwamba kwambiri ndiponso chakutsogolo kwambiri.

Malo amenewo saoneka pa injini yakuda. Fumbi la m'misewu yadothi likakumana ndi oyilo limapanga chikhungwa chomata injini yonse, moti sizidziwika kuti oyilo wa lero ndi uti, wa chaka chatha ndi uti. Choncho injini imatsukidwa kaye itazizira, ndi palafini ndi kaburashi, kenako ndi sopo ndi madzi, n'kuisiya iume bwinobwino. Petulo sayenera kutsukira injini chifukwa sachedwa kuyaka, ndipo madzi ozizira sathiridwa pa injini yotentha. Ikauma, amawaza paudala wa ana kapena ufa woyera m'malo onse olumikizira: kuzungulira chivundikiro cha mavalavu, pamene hedi yakumana ndi silinda, patsinde pa silinda, m'mphepete mwa zivundikiro zam'mbali, ndi pamene patulukira shafuti iliyonse. Kenako injini imalizidwa kwa mphindi khumi, kapena njinga imayendetsedwa kamtunda pang'ono. Pa ufa woyerawo pamatuluka kamzere kakuda, ndipo kukatsata kuchokera pansi kukwera nako, pamene kathera ndi pamene pali bala. Kuchucha kwina kumachitika pokhapokha injini yatentha ndipo ikukoka, kotero ufa ukakhala woyerabe pambuyo pongoliza poima, ulendo wa makilomita angapo ndi umene umaulula.

Malo akapezeka, patsala funso lina limene amakaniko achangu amalidumpha: n'chiyani chikukankha oyiloyo kuti atuluke? Pisitoni ikamakwera ndi kutsika, mpweya wa m'munsi mwa injini umapanikizika, ndipo mpweya wina woyaka umadutsa m'mbali mwa malingi n'kulowa momwemo. Opanga injini anaika kapaipi kopumira kuti mpweyawu uzituluka. Kapaipi kameneka kakapindika, kapena kakatsekeka ndi matope nyengo ya dzinja, mpweya umafuna potulukira pena, ndipo umakankha oyilo kudzera pa seal (mphira wotseka pamene patulukira shafuti) kapena gasiketi iliyonse yofooka. Injini imene yayamba kuchucha malo atatu kapena anayi nthawi imodzi, kawirikawiri vuto lake limakhala kapaipika, kapena malingi otheratu amene akulowetsa mpweya wochuluka kuposa umene kapaipiko kangatulutse. Kuika seal yatsopano pa injini yotere n'kungotaya ndalama, chifukwa pakapita masiku ochepa imayambanso.

Kuthira oyilo wopyola muyezo kumachitanso chimodzimodzi. Ena amathira wambiri poganiza kuti akuichitira chifundo injini, koma wopyola muyezoyo amamenyedwa ndi zitsulo zozungulira, amachita thovu, n'kutulukira ku kapaipi kopumira mpaka kunyowetsa sefa ya mpweya. Muyezo woona umapezeka njinga itaima chilili pamalo afulati, osati itatsamira pa sitandi yam'mbali, ndiponso patapita mphindi zingapo injini itazimitsidwa. Pa injini za mtundu wa Honda, kandodo koyezera kamapukutidwa, n'kungokakhazika pabowo osakapotokola, ndipo oyilo ayenera kukhala pakati pa mizere iwiri. Oyilo akamachuluka yekha popanda womuthira, n'kumanunkha petulo, ndiye kuti kabuleta ikusefukira ndipo petulo akutsikira mu injini njinga ikaima. Oyilo wotere amapyapyala ngati madzi, amadutsa paliponse, ndiponso safewetsa kanthu. Kabuleta ikonzedwe, oyilo asinthidwe, ndipo kampopi ka petulo kazitsekedwa usiku.

Zimenezi zikakhala kuti zili bwino, malo ochucha amayang'anidwa kuyambira pamwamba. Chivundikiro cha mavalavu ndi chimene chimavuta kawirikawiri, popeza ndi pamalo potentha ndipo chimatsegulidwa pafupipafupi poyeza mavalavu. Mphira wake amauma n'kulimba ngati pulasitiki, ndipo mankhwala ake ndi kumusintha basi. Chitsekerero cha pothirira oyilo nacho chili ndi kamphira kozungulira kamene kamatayika mosavuta.

Pakati pa hedi ndi silinda nkhani imakulirapo. Pa injini zambiri zamtunduwu, oyilo amakwera kumka ku mavalavu kudzera m'kanjira kodutsa pamalo omwewo, ndipo kanjirako kamatetezedwa ndi kamphira kakang'ono. Kakatha, oyilo amanyowetsa zipsepse za mbali imodzi. Gasiketi yeniyeni ya hedi ikapsa pamamveka kamluzu kapena phokoso la mpweya wothawa, ndipo njinga imachepa mphamvu pachitunda. Apa hedi iyenera kuchoka, gasiketi yatsopano ilowe, ndipo manati amangidwe mopingasa, pang'onopang'ono, pa muyezo wolembedwa m'buku la njingayo. Gasiketi ya patsinde pa silinda imafuna kuti silinda yonse izulidwe, kotero ngati ikungochita chinyezi chogwira fumbi osadontha, ambiri amaisiya mpaka tsiku losintha malingi, ndipo pamenepo sanalakwe.

Chivundikiro chakumanja, cha kilatchi, chimasunga oyilo, ndipo gasiketi yake ndi yapepala. Kuisintha si ntchito yovuta, koma ili ndi misampha yake. Oyilo amatulutsidwa kaye. Mabawuti ake si ofanana kutalika, ndipo yaitali ikalowa m'bowo lalifupi imaboola kapena kung'amba chitsulo, n'chifukwa chake makaniko wosamala amajambula chivundikirocho pa katoni n'kumabaya bawuti iliyonse pamalo pake. Pochotsa chivundikiro, chala chimapanikiza shafuti ya kiki kuti isatuluke nacho limodzi n'kumasula sipuling'i yake. Chikakanirira chimagogodedwa ndi mtengo, osati kuchikanula ndi sikuludiraiva, chifukwa aluminiyamu ndi wofewa ndipo kabala kamodzi pamalo okumanirapo kamasanduka njira ya oyilo mpaka kalekale. Gasiketi yakale imapalidwa yonse mofatsa ndi lezala yogoneka, osasiya ndi kachidutswa komwe, ndipo zopalidwazo zisagwere m'kati. Timapaipi tiwiri tating'ono tolondolera chivundikiro tiyenera kubwerera m'malo mwake.

Pomanga ndi pamene dzanja lolemera limapalamula. Mabawuti amenewa ndi a mamilimita 6, omasulira sipanala ya 8, ndipo amangofuna mphamvu ya pafupifupi 10 Nm, imene ndi ya dzanja limodzi logwira sipanala yaifupi. Amamangidwa modumphadumpha, ya uku kenako ya tsidya lina, maulendo awiri kapena atatu, kuti chivundikiro chikhale pansi mofanana. Kumangitsa sikuletsa kudontha. Kumaphwanya gasiketi, kumapinda chivundikiro, ndipo mapeto ake bawuti imangozungulira mazinga atatha.

Gasiketi yogula ikasowa, yam'mbaliyi ikhoza kudulidwa kuchokera ku pepala lenileni la magasiketi, poliyala pa chivundikiro n'kumagogoda m'mphepete ndi kahamala mpaka lidulike lokha. Chikuto cha kope chimafikitsa munthu kunyumba, koma sichikhalitsa. Chimene chawononga injini zambiri ndi silikoni wopakidwa ngati phala. Wofinyikira kunja amaoneka ndipo amachotsedwa, koma wofinyikira m'kati amauma, amaduka tizidutswa, n'kukatseka sefa ya oyilo kapena kanjira kopita ku mavalavu. Kunja injini imauma bwino, pamene pamwamba pake sipakufika oyilo. Pamalo osalala gasiketi yatsopano siifuna silikoni, ndipo pamene afunikadi amapakidwa wopyapyala kwambiri.

Kumanzere kuli magineto. Pa injini zina mbali imeneyi imakhala youma, ndipo mukapezeka oyilo ndiye kuti seal ya kuseri kwa magineto yatha. Pa zina, makamaka zolizira batani, oyilo amafikamo mwadala, ndipo pochucha pamakhala pa kamphira kamene mawaya amatulukirapo. Chapafupi pomwepo pali kaswitchi ka nyali ya nyutulo, nako kali ndi kamphira kake.

Paliponse pamene shafuti yatuluka kunja kwa injini pali seal: pa shafuti ya giya, ya kiki, pa kamkono ka kilatchi, ndi kuseri kwa sipuloketi yakutsogolo. Seal ndi mkombero wa mphira wokhala ndi mlomo wopyapyala umene umakumbatira shafuti, ndipo kasipuling'i kozungulira kamaupanikiza kuti usasiye mpata. Pamwamba pake pamalembedwa manambala atatu, mwachitsanzo 14x28x7, kutanthauza kukula kwa bowo lam'kati, kukula kwa kunja, ndi kuchindikala kwake m'mamilimita. Wopita kukagula amatenga manambalawo kapena seal yakaleyo, chifukwa dzina la njinga lokha limasokeretsa.

Ya kuseri kwa sipuloketi ndi imene imazunzika kuposa zonse, ndipo ndi yovutanso kuizindikira poti malowo amakhala akuda kale ndi oyilo wa tcheni. Chivundikiro ndi sipuloketi zikachotsedwa, nthawi zambiri pamapezeka udzu, ulusi wa matumba kapena jumbo zitakulungana pa shafuti, zitadya mlomo wa seal. Mdani wina ndi tcheni chokungika. Tcheni chimafuna kuti chizisewera pafupifupi masentimita 2 mpaka 3 pakati pake, ndipo katundu akalemera kumbuyo chimakungika kuposa mmene chinalili njinga ili yopanda kanthu. Chokungidwa ngati nsambo ya gitala, pa njinga yosenza matumba a makala m'msewu wa zigolowondo, chimakoka shafuti mpaka bering'i imatha. Choncho seal isanachotsedwe, shafuti imagwedezedwa ndi dzanja. Ikamagwedera m'mwamba ndi pansi, vuto ndi bering'i, ndipo kuisintha kumafuna kutsegula injini pakati. Shafuti ya giya nayo imapindika njinga ikagwera kumanzere, ndipo yopindika imadya seal iliyonse imene yaikidwa.

Shafuti ikakhala yolimba ndiponso yosalala, seal imasinthidwa injini ili pomwepo. Yakale imakoledwa ndi kangowe, kapena amaiboola n'kulowetsamo kasikuluwu kakang'ono n'kukoka ndi pulayala, mosamala kuti shafuti kapena chisa chake zisakandike. Mano a kunsonga kwa shafuti ndi akuthwa, kotero amakulungidwa ndi tepi kapena kapulasitiki kuti asacheke mlomo wa seal yatsopano polowa. Mlomowo umapakidwa oyilo, mbali ya kasipuling'i imayang'ana m'kati kumene kuli oyilo, ndipo seal imakhomedwa mowongoka pogwiritsa ntchito soketi yofanana nayo kukula, mpaka ilingane ndi chitsulo. Yolowa chopendekera imadontha tsiku lomwelo.

Pansi pa injini pali bawuti yotulutsira oyilo, imene pa njinga zambiri imamasulidwa ndi sipanala ya 17. Chimene chimatseka oyilo pamenepa si mazinga ayi, koma kawasha kofewa ka aluminiyamu kapena ka kopa kamene kamaphwatalala bawuti ikamangidwa. Kakaphwatalala kambirimbiri kamasiya kugwira, ndipo kuyenera kusinthidwa. M'malo mogula kawashako, ena amalumikiza paipi ku sipanala n'kukoka, ndipo poti bawuti ndi yachitsulo cholimba pamene injini ndi ya aluminiyamu, mazinga amene amatha ndi a injini. Kukulunga tepi ya mipope ya madzi pa bawuti yotere n'kuika moyo pachiswe, chifukwa bawuti yosagwira imatha kugwa pa ulendo, oyilo yense n'kukhuthukira kutsogolo kwa tayala lakumbuyo. Kukonza kwenikweni n'kudula mazinga atsopano okulirapo n'kuika bawuti yolingana nawo, kapena kulowetsa kasipuling'i kachitsulo kotchedwa Helicoil kamene kamabwezeretsa mazinga akale, kenako n'kutsukuluza tizitsulo tonse totsalira m'kati. Injini za mtundu wa CG zilinso ndi chitsekerero chachikulu cha sipanala ya 24, chimene kuseri kwake kuli sipuling'i ndi kasefa. Chimatseka ndi kamphira kozungulira, ndipo chikamangidwa mopyola chimang'ambika.

Nthawi zina magasiketi ndi ma seal onse amakhala abwino, koma ufa umaonetsa kamzere kopyapyala ngati tsitsi pa chitsulo chenichenicho. Mwala wodumpha, kugunda pansi pa chitumbira, kapena tcheni choduka n'kumenya injini, zimasiya mng'alu wotere. Waung'ono umene uli pamalo osasenza kanthu umamatidwa ndi zomatira zitsulo zosakaniza ziwiri monga Pratley, koma oyilo atatulutsidwa, malowo atatsukidwa mpaka mafuta onse atachoka, atakwechedwa ndi sandipepala, ndipo zomatirazo zitapatsidwa nthawi yokwanira kuti ziume. Mng'alu wofika pa bowo la bawuti kapena pafupi ndi bering'i umafuna wowotcherera aluminiyamu, kapena kusintha mbali yonseyo.

Ntchito ikatha, injini imathiridwa oyilo wa njinga yamoto pa muyezo wake. Ambiri kuno amagwiritsa ntchito 20W-50, ndipo botolo lolembedwa JASO MA limatanthauza kuti oyiloyo ndi woyenera kilatchi yosambira mu oyilo. Oyilo wina wa galimoto ali ndi mankhwala oterera amene amachititsa kilatchi kuphonya, ndipo mankhwala ogulitsidwa kuti amaletsa kudontha amangofufumitsa mphira kwa kanthawi, sangabwezeretse seal yong'ambika. Wotungidwa m'chigubu chopanda chizindikiro sadziwika kuti ndi wotani. Oyilo wakale amasungidwa m'botolo lotseka, osathiridwa m'ngalande kapena pafupi ndi chitsime, ndipo oyilo aliyense amene anafika pa tayala kapena pa mabuleki amatsukidwa njinga isanalowe mumsewu. Kenako malo okonzedwawo amapukutidwa, amawazidwanso ufa, njinga imayenda mpaka injini itenthe, ndipo usiku umenewo katoni yoyera imayalidwanso pansi pake. Sabata yoyamba kandodo koyezera kamayang'anidwa m'mawa uliwonse njinga isanapite pa siteji.